Kumanga gulu lopirira mpaka kumapeto mu Teamfight Tactics

Pali magemu ena omwe wosewera samenya nawo nkhondo. Iye amagula asilikali, kuwaveka zida, kuwayala pabwalo, ndipo nthawi yokonzekera ikatha amachotsa manja n'kumangopenya. Asilikali aja amamenyana okha ndi gulu la wosewera wina. Magemu otere amatchedwa auto battler, ndipo anatchuka mu Januwale 2019 pomwe kagulu ka ku China kotchedwa Drodo Studio kanatulutsa Dota Auto Chess mkati mwa gemu ya Dota 2. Chaka chisanathe makampani akuluakulu anali atalowerera kale: Valve inabweretsa Dota Underlords, Riot Games inabweretsa Teamfight Tactics, yomwe ambiri amangoti TFT, ndipo Blizzard inaika Battlegrounds mu gemu yake ya makadi ya Hearthstone.

Pano ndikhazikika pa TFT, poti kayendedwe ka golide wake ndi kamene kamaonetsa bwino nkhani yonseyi. Sinditchula mayina a asilikali oti muzigula, chifukwa Riot imasintha asilikali onse pakapita miyezi ingapo, ndipo mndandanda womwe ukugwira ntchito lero sukhalitsa. Zomwe zimakhalitsa ndi mmene golide amabwerera, mmene sitolo imagawira asilikali, ndi chimene chimaimiritsa gulu lina pamene lina likugwa.

Osewera amakhala 8, ndipo aliyense amayamba ndi moyo 100. Mukagonja pa raundi moyo wanu umachepa, ukafika pa 0 mwatuluka. Chilango cha kugonja chili pawiri: pali nambala yokhazikika yomwe imakwera gawo lililonse la gemu (gawo limodzi lili ndi maraundi angapo), ndiye pamwamba pake pamabwera chilango cha asilikali a mdani amene atsala amoyo. M'gawo lachiwiri kugonja kumangokukandani. M'gawo lachisanu kugonja kamodzi kumadya moyo wopitirira 10, ndipo mdani akakusesani osataya asilikali ake, chilango chimayandikira 20. N'chifukwa chake gemu imaweruzidwa kuyambira gawo lachinayi kupita mtsogolo. Gulu lomwe linakupambanitsani kasanu kumayambiriro likhoza kukuphetsani m'maraundi anayi okha ngati simunalisinthe.

Ambiri amaganiza kuti gulu la kumapeto ndi chithunzi: asilikali 8 kapena 9 amene anawaona pa intaneti, oti ayambe kuwasaka kuchokera pa raundi yoyamba. Sizili choncho. Gulu la kumapeto limagulidwa pa raundi imodzi kapena ziwiri, ndi golide amene wasonkhanitsidwa kwa magawo awiri athunthu, ndipo amene mudzawapeze m'sitolo pa nthawiyo simusankha nokha. Luso lagona pofika pa raundi imeneyo muli ndi golide wokwanira, moyo wokwanira, zida zogwirizana, komanso mutu wokonzeka kulandira zomwe sitolo yapereka.

Golide ndi moyo

Gemu ikangodutsa poyambira penipeni, raundi iliyonse imakupatsani golide 5. Pamwamba pake pali chiwongoladzanja: golide 1 pa golide 10 aliyense amene mwasunga, kulekezera pa 5. Ndiye kuti wosunga 50 amalandira 10 pa raundi, pamene wopanda kanthu amalandira 5 basi. Kusiyana kwa 5 kumaoneka kochepa, koma pa maraundi 10 ndi golide 50, ndipo ndi golide 50 mutha kutembenuza sitolo, kutanthauza kuitanitsa asilikali atsopano ogulitsa, ka 25, poti kutembenuza kamodzi ndi golide 2. Apa ndi pamene pamachokera lamulo lomwe aliyense amalimva tsiku loyamba: fikani pa 50 msanga, kenako muzingodya zapamwamba pa 50.

Lamulolo ndi loona, koma ndi theka chabe la nkhani. Moyo nawonso ndi ndalama. Raundi iliyonse imene mwasunga golide m'malo molimbitsa gulu, mwalipira ndi moyo. Raundi iliyonse imene mwagula msilikali kapena levulo, yomwe imachulukitsa asilikali oika pabwalo, nthawi isanakwane, mwalipira ndi chiwongoladzanja. Wosewera wabwino amadziwa kuti pa nthawi ino chotsika mtengo ndi chiti. M'gawo lachiwiri moyo ndi wotsika mtengo, poti chilango n'chochepa, pamene golide aliyense amene mwasunga ali ndi nthawi yaitali yoberekana. Pofika gawo lachinayi zinthu zatembenuka: chiwongoladzanja cha golide 5 sichingafanane ndi moyo 14 umene mutaye chifukwa chosafuna kutsika pa 50.

Gemu imaperekanso golide wapadera kwa amene akupambana motsatizana, komanso kwa amene akugonja motsatizana. Amene ali pamavuto ndi wapakati, wopambana lero n'kugonja mawa: salandira golide wa mbali iliyonse, koma moyo ukumuthera. Wogonja ali ndi mwayi winanso. Pakati pa gawo pamakhala raundi ya carousel, pomwe asilikali onyamula zida amazungulira ndipo aliyense amatengapo mmodzi. Amene ali ndi moyo wochepa amamasulidwa poyamba, ndiye amasankha chida chimene akufuna. Pa chifukwa chimenechi osewera ena amagonja dala gawo lonse lachiwiri. Njirayi imagwira, koma ine sindingaiyamikire kwa woyamba kumene. Kugonja dala kumafuna luso kuposa kupambana, chifukwa muyenera kugonja mwapafupi, mutapha asilikali ambiri a mdani kuti chilango chichepe, koma osapambana mwangozi n'kudula mndandanda wanu. Amene amangosiya bwalo lili gwaa amafika gawo lachinayi ali ndi golide wambiri ndi moyo 35, ndipo sitolo ikangomukana kamodzi wapita.

Sitolo ndi nkhokwe ya onse

Sitolo imaonetsa asilikali 5 nthawi imodzi, a mitengo yoyambira golide 1 mpaka 5. Levulo yanu imalamula zinthu ziwiri. Choyamba ndi chiwerengero cha asilikali amene mungaike pabwalo: levulo 7, asilikali 7. Chachiwiri, chomwe ongoyamba sachiona msanga, ndi mtundu wa asilikali amene sitolo ikuonetseni. Pa levulo 4 ndi 5 mumadzaza a golide 1 ndi 2. Pa levulo 7 a golide 3 amachuluka. A golide 4 amayamba kupezeka mokwanira pa levulo 8, ndipo a golide 5 simungawadalire musanafike pa 9. Levulo imakwera ndi mapointi otchedwa XP. Gemu imapereka pang'ono ulere raundi iliyonse, ndipo golide 4 amagula XP 4.

Asilikali atatu ofanana amasanduka mmodzi wa nyenyezi ziwiri, ndipo 9 ofanana amapanga wa nyenyezi zitatu. Nyenyezi iliyonse imakweza moyo wa msilikali ndi 80 peresenti, nkhonya zake ndi 50 peresenti, ndipo luso lake lapadera nalo limakula. Ndiye chifukwa chake msilikali wa golide 4 wa nyenyezi ziwiri kawirikawiri amaposa wa golide 5 wa nyenyezi imodzi, ngakhale wachiwiriyu amaoneka wochititsa kaso.

Tsono nachi chinthu chomwe chimasiyanitsa gemu iyi ndi juga wamba. Asilikali onse amachokera m'nkhokwe imodzi ya osewera onse 8, ndipo msilikali aliyense alimo owerengeka. A golide 1 amakhalamo opitirira 20 pa mtundu uliwonse. A golide 4 amakhala cha m'ma 10 mpaka 12, ndipo a golide 5 amakhala 9 kapena 10, malinga ndi mmene Riot yakonzera pa nyengo imeneyo. Mnzanu akagula mmodzi, wachoka m'nkhokwe, ndipo mwayi wanu womupeza watsika.

Tiwerengetsere. Tiyerekeze kuti pa levulo 8 malo aliwonse m'sitolo ali ndi mwayi wa 1 mwa 4 wotulutsa msilikali wa golide 4, ndipo mitundu ya asilikali a golide 4 ilipo 12. Manambalawa ndi achitsanzo, koma sali kutali ndi a m'gemu. Mwayi woti malo amodzi atulutse amene inu mukumufuna ndi 1 mwa 48. Malo alipo 5, ndiye adzaoneka pafupifupi m'sitolo imodzi mwa 10 zilizonse. Sitolo 10 ndi golide 20. Kuti akhale wa nyenyezi ziwiri mukufuna atatu, ndiye golide 60, kuonjezerapo 12 wowagulira. Golide 72 pa msilikali mmodzi, ndipo apa tikunena kuti palibe wina akumufuna. Ngati m'nkhokwe munali 10 ndipo anzanu awiri agwira kale atatu aliyense, atsala 4, ndipo mtengo uja upitirira kuwirikiza kawiri. Palibe wosewera amene amafika gawo lachinayi ndi golide wotere.

Tsopano tembenuzani masamuwo. Ngati zida zanu zingamuyenere aliyense mwa asilikali atatu osiyana, sitolo imodzi mwa zitatu kapena zinayi ikupatsani china chogula. Mugula onse amene akubwera, muone amene wayamba kukwana atatu, ameneyo ndiye mtsogoleri wa gulu lanu, ena aja muwagulitse. Msilikali wa nyenyezi imodzi amagulitsidwa pa mtengo womwe munamugulira, ndiye simunataye kalikonse. Kusiyana kwa wosewera wokakamira chithunzi chimodzi ndi wosewera womasuka si nkhani ya mwayi. Onse awiri akutembenuza sitolo yomweyo, koma wina akuvomera zitseko zitatu pamene mnzake akugogoda pa chimodzi.

Apa ndi pamene kuzonda kumayambira kugwira ntchito. Gemu imakulolani kuona mabwalo a anzanu onse nthawi iliyonse, ngakhalenso mabenchi awo osungirapo asilikali amene sanalowe pabwalo. Musanawononge golide wanu, zungulirani mabwalo 7 aja. Ndani wavala zida za matsenga? Ndani wagwira kale awiri a msilikali amene mumamulakalaka? Mukapeza anthu awiri ali panjira yanu, patukani nthawi idakalipo.

Njira zofikira

Njira zodziwika zilipo zitatu, ndipo zonse zimachokera m'masamu omwe aja: tembenuzani sitolo pa levulo imene msilikali wanu amachuluka, osati pa ina.

Yoyamba osewera amaitcha reroll. Mumaima pa levulo yotsika n'kusaka nyenyezi zitatu za msilikali wotsika mtengo: a golide 1 cha pa levulo 5, a golide 2 pa levulo 6, a golide 3 pa levulo 7. Kawirikawiri mumatembenuza pang'onopang'ono, kudya zapamwamba pa 50 zokha raundi iliyonse, mpaka mutatsala pang'ono kukwanitsa. Njirayi imasankhidwa ndi sitolo, osati ndi inu. Ngati pofika kumayambiriro kwa gawo lachitatu muli kale ndi asanu kapena asanu ndi mmodzi a msilikali mmodzi popanda kuwasaka, ndipo palibe wina akumugula, khomo latseguka. Ngati muli ndi awiri okha ndipo mukungomukonda, musayambe. Kuipa kwa reroll ndi koti golide amene anzanu akugulira levulo inu mukumuthera m'sitolo, ndiye nyenyezi zitatu zikachedwa mumapezeka ndi asilikali 6 kutsogolo kwa magulu a 8. Ndipo ngakhale zitatheka, ntchito sinathe. Mukangokwanitsa, lekani kutembenuza, yambani kukwera levulo, chifukwa msilikali wa golide 1 wa nyenyezi zitatu amalamulira gawo lachitatu ndi lachinayi koma sangapirire yekha gawo lachisanu ndi chimodzi.

Yachiwiri ndi yomwe ambiri amadalira: kusewera ndi gulu lililonse lamphamvu lomwe sitolo yapereka, kusunga golide, kufika levulo 6 chakumayambiriro kwa gawo lachitatu, levulo 8 chakumayambiriro kapena pakati pa gawo lachinayi, ndiyeno kuthira golide yense posaka a golide 4. Yachitatu ndi kudumpha zonsezi n'kuthamangira levulo 9 kukatenga a golide 5. Imeneyo ndi ya munthu amene wapambana motsatizana, ali ndi moyo wambiri ndipo gulu lake likuimabe. Wa moyo 40 akaiyesa amafa ali ndi levulo yokongola ndi bwalo la nyenyezi imodziimodzi.

Raundi yothira golide ija ndiyo yovuta kuposa zonse m'gemu, ndipo chovuta chake ndi nthawi. Muli ndi masekondi pafupifupi 30 oti mukwere levulo, mutembenuze sitolo mwina ka 20, mugule, mugulitse akale, musamutse zida, muyale bwalo. Palibe mpata woganiza. Kuganiza kumachitika raundi yapitayo, nkhondo ili mkati: ndikufuna ndani pa ntchito yopha, ndani kutsogolo, ndigulitsa ndani benchi ikadzaza. Benchi ili ndi malo 9 okha, ndipo imadzaza msanga kuposa mmene mukuganizira. Chotsani zinyalala musanayambe.

Kudziwa polekera n'kofunikanso chimodzimodzi. Cholinga si kukwanitsa gulu lonse pa raundi imodzi, koma kufika poti gulu likhoza kupambana maraundi angapo otsatira. Wopha wanu akafika nyenyezi ziwiri ndipo wakutsogolo wamkulu nayenso wafika, imani, ngakhale mutatsala ndi golide 30. Ameneyo ndi mbewu ya levulo 9. Koma ngati simunapeze kanthu ndipo moyo uli pansi, musaime pa 20 kapena 10 poteteza chiwongoladzanja cha golide mmodzi kapena awiri. Thirani yense.

Gulu lenilenilo

Nkhondo ya mu TFT ndi mpikisano wa nthawi. Gulu lililonse lili ndi msilikali mmodzi kapena awiri amene amapha ambiri, amene osewera amawatcha carry, ndipo ena onse ntchito yawo ndi kuwagulira masekondi. Carry wa kumbuyo akapatsidwa masekondi 20 amasesa bwalo. Akapatsidwa 8 amafa luso lake litangotuluka kamodzi. Amene amamugulira nthawiyo ndi akutsogolo, ma tank.

Ongoyamba amakonda opha. Amadzaza kumbuyo ndi asilikali anayi oponya, zida zonse n'kuwaveka iwo, kutsogolo n'kusiyako awiri a nyenyezi imodzi opanda chovala. Akagonja amati carry wawo ndi wofooka, n'kuyamba kusaka wina. Vuto silinali pamenepo. Mukafuna kudziwa chomwe chikukugonjetsani, penyani nkhondo yonse osayang'ana sitolo. Ngati akutsogolo agwa carry wanu ali ndi moyo wonse ndipo adani akumuthamangira onse pamodzi, mukusowa chishango. Ngati akutsogolo aima nthawi yaitali koma tank wa mdani sakugwa, mukusowa mphamvu yopha, kapena mukusowa chida chothyola chitetezo chake. Matenda awiriwa mankhwala ake ndi osiyana, ndipo gemu imaonetsanso manambala a amene wavulaza kwambiri ndi amene wapirira kwambiri.

Pa levulo 8, gulu labwino limakhala ndi carry wamkulu wa nyenyezi ziwiri wovala zida zitatu, tank wamkulu wa nyenyezi ziwiri wovala zitatu, akutsogolo ena awiri kapena atatu, wopha wachiwiri wotenga zida zotsala, ndi ena ogwira ntchito zapadera monga kuumitsa adani kwa kanthawi kapena kuchiritsa anzawo. Kuumitsa kumeneku musakupeputse. Sekondi imodzi ndi theka imene carry wa mdani sakuponya ndi yofanana ndi chida chathunthu.

Zida zimabwera ngati tizidutswa, kuchokera kwa zilombo za kumapeto kwa gawo ndi ku carousel, ndipo tiwiri timapanga chida chimodzi. B.F. Sword (lupanga), Recurve Bow (uta) ndi Sparring Gloves zimapendekera kwa omenya ndi nkhonya ndi mivi. Needlessly Large Rod (ndodo) ndi Tear of the Goddess ndi za amatsenga. Chain Vest, Negatron Cloak ndi Giant's Belt ndi za akutsogolo. Tizidutswa tanu toyamba ndi tomwe timakuuzani mbali yoti mupite. Amene wapeza malupanga awiri ndi uta asamalote carry wamatsenga, ngakhale atamva kuti ndiye wamphamvu nyengo ino. Kumasuka kumene ndanena kuja kuli ndi malire ake pomwepa: mumasuke pakati pa asilikali ogwirizana ndi zida zanu, osati pakati pa onse. Paja ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Funso lomwe limavutitsa ambiri ndi lakuti: ndipange chida tsopano, kapena ndidikire kachidutswa kopangira chida choyenera kwambiri? Yankho langa ndi loti pangani. Tizidutswa tinayi tokhala pa benchi gawo lonse ndi moyo 20 umene mwataya chabe. Pali zida zomwe zimagwira kwa asilikali ambiri, monga Guinsoo's Rageblade yochokera ku uta ndi ndodo, Spear of Shojin yochokera ku lupanga ndi Tear, Infinity Edge, Jeweled Gauntlet, kapena kwa akutsogolo Warmog's Armor ndi Gargoyle Stoneplate. Muveke msilikali wotsika mtengo wa ntchito yofanana ndi carry amene mukumuyembekezera. Wamkuluyo akabwera, gulitsani wonyamulayo, zida zibwerera kwa inu. Chongofunika kusamala ndi kusaveka zida msilikali amene mudzamufunebe m'gulu lomaliza, poti kumuvula popanda kumugulitsa kumafuna kachida kapadera komwe sikapezeka nthawi zonse.

Pali zinthu ziwiri zomwe gulu la kumapeto siliyenera kusowa, ndipo zimaiwalika chifukwa sizioneka. China ndi chochepetsa kuchira kwa adani, chomwe zida monga Sunfire Cape ndi Morellonomicon zimapereka. Zimadula kuchira ndi gawo limodzi mwa atatu. Chinacho ndi chothyola chitetezo: Last Whisper kapena Evenshroud ngati gulu lanu limapha ndi nkhonya, Ionic Spark ngati limapha ndi matsenga. Zimenezi zimachotsa 30 peresenti ya chitetezo cha mdani, ndipo phindu lake limapita kwa gulu lonse. M'gawo lachisanu tank aliyense wavala zida zitatu, ndipo carry wopanda thandizo limeneli amangomukanda mpaka nthawi kutha. Chimodzi pa ntchito iliyonse ndi chokwanira, chachiwiri sichionjezera kanthu.

Za mafuko ndikamba mwachidule, poti ndi zomwe aliyense amaziona poyamba. Msilikali aliyense ali ndi fuko ndi ntchito, ndipo mukaika ofanana okwanira pabwalo, mphamvu yapadera imayaka, mwachitsanzo pa 2, pa 4, pa 6. Pakati pa manambalawo palibe phindu: asanu amangofanana ndi anayi. Msampha wake ndi kusunga msilikali wa golide 1 wa nyenyezi imodzi mpaka gawo lachisanu kuti fuko lifike pa 6, pamene malo akewo akanakhalapo wa golide 5 wogwedeza bwalo lonse. Nthawi zina 6 uja ndi wofunikadi, makamaka ngati carry wanu amadalira fukolo, kapena mwapeza kachidutswa ka Spatula kopangira chizindikiro cha fuko n'kuveka msilikali wamphamvu wa kwina. Koma kawirikawiri pa levulo 9 gulu limakula pochotsa ofooka amene ankangodzaza nambala. Ma augment, mphamvu zoonjezera zomwe zinalowa m'gemu mu 2021 ndipo zimasankhidwa katatu, pa raundi yoyamba ya gawo lachiwiri ndi pa raundi yachiwiri ya gawo lachitatu ndi lachinayi, amatsata nzeru yomweyo: oyamba akhoza kukhala a golide, poti ali ndi nthawi yobala, koma womaliza akhale wolimbitsa nkhondo lero lomwe.

Kayalidwe

Mbali yanu ya bwalo ili ndi mizere 4 ya malo 7. Msilikali amayamba ndi mdani amene ali pafupi naye, ndiye poika munthu mwasankhanso amene amumenye ndi amene amenyedwe naye. Kuika carry pakona ya kumbuyo ndi chiyambi chabwino, koma magulu ena ali ndi odumphira kumbuyo kapena okoka wakutali, ndipo kwa amenewo pakona ndi pamsampha. Kuunjikana kumateteza carry kwa odumpha koma kumapereka gulu lonse kwa luso lophulika pamalo amodzi. Palibe kayalidwe kogonjetsa onse. Osewera akadali ambiri, yalani moganizira awiri kapena atatu oopsa amene mungakumane nawo, ndipo gemu imasonyeza amene angakhale adani anu pa raundi ikubwerayo.

Kumbukirani kuti bwalo la mdani limatembenuka pa nkhondo. Carry amene mukumuona kumanzere pamene mukuzonda bwalo lake adzaonekera kudzanja lanu lamanja. Mukatsala awiri kapena atatu, zimenezi zimaweruza gemu. Aliyense akuzonda mnzake, aliyense akudikira masekondi omaliza kuti asamutse carry kupita mbali ina. Magulu ofanana mphamvu amatha kusinthana kupambana chifukwa cha msilikali mmodzi wosuntha malo awiri okha.

Mu Hearthstone Battlegrounds nzeru zambiri za golide zimene ndanenazi sizigwira. Kumeneko golide sasungika, amayambiranso nthawi iliyonse ndipo amalekezera pa 10. Msilikali ndi golide 3, kumugulitsa ndi 1, ndipo pabwalo pamalowa 7 okha amene amamenya motsatana kuchokera kumanzere. Gulu la kumapeto limachokera kwa asilikali amene amakulitsa anzawo nthawi iliyonse, ndiye amene wawapeza msanga ndiye amatalikira. Koma kusinthanitsa moyo ndi tsogolo kulipo ndithu: kukweza tavern, yomwe ndi sitolo ya kumeneko, kumakufooketsani lero kuti mawa muone asilikali apamwamba, ndipo nkhokwe ndi ya onse chimodzimodzi.

Si gemu iliyonse imene mungakhale woyamba. Pa masewero a ranked a TFT, opikisanirana mapointi, anayi oyamba amapeza mapointi ndipo anayi omaliza amataya, wachisanu ndi chitatu kwambiri kuposa wachisanu. Choncho chapakati pa gawo lachinayi dzifunseni moona mtima kuti gemu ino ndi ya nambala yanji. Ngati moyo watsala wa kugonja kuwiri, iwalani levulo 9, gulitsani za pa benchi zomwe sizikwana msanga, pangani zida ndi tizidutswa tilitonse totsala, tembenuzani mpaka golide athe. Kupirira raundi imodzi yokha pamene ena awiri akugwa kumakuchotsani pa 7 kukuikani pa 5.

Kwa amene ali pamwamba, kugwa kwa anzawo kumasintha masamu aja. Wosewera akatuluka, asilikali ake onse amabwerera m'nkhokwe. Msilikali wa golide 4 amene sankapezeka m'gawo lachinayi amayamba kuonekera, ndipo osewera akatsala atatu, wina akhoza kusonkhanitsa 9 n'kupanga wa nyenyezi zitatu, amene nthawi zambiri amamaliza gemu yekha. Ngati golide akukuchulukirani ndipo gulu lanu lakwana, yambani kusonkhanitsa wanu. Koma zondaninso mabenchi a anzanu raundi iliyonse. Mukaona wina ali ndi awiri a nyenyezi ziwiri a msilikali mmodzi wa golide 4, ndiye kuti wagwira 6 ndipo akusaka atatu otsala. Msilikali ameneyo akaoneka m'sitolo yanu, mugule ngakhale simukumufuna, akhale pa benchi. Ngati nkhokwe inali ndi 10, mukagwira awiri, 9 sangakwanenso.